Kalata yotseguka ya May 2025 kwa a Mat Ishbia, eni timu ya basketball ya Phoenix Suns: musanalembe kochi wina, tamvani kaye

Kwa a Mat Ishbia, eni ake a Phoenix Suns, pamodzi ndi a Brian Gregory amene munapatsidwa udindo wa general manager mu May 2025,

Moni mabwana, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mmodzi mwa masapota a timu yanuyi, ndipo ndalemba m'Chichewa chifukwa olankhula chinenerochi amene timaitsata Suns tilipo ndithu, ena ali ku America komweko, ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka komwe gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku Arizona imapeza anthu ili 4 koloko m'bandakucha, koma amadzukabe kuti aonere. Kalatayi, yomwe ndalemba mu May 2025 timu ikufunafuna kochi watsopano, ndaiyika poyera dala kuti anzanga aiwerenge, aigawane, owonjezera awonjezere. Sindinabwere kudzanyoza munthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, nde chonde muilandire choncho.

Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa zabwino mwachita zilipo ndipo tikuziona. Munagula timuyi mu February 2023 pa mtengo wa madola 4 biliyoni pamodzi ndi timu ya akazi ya Phoenix Mercury, nthawi imene dzina la Suns linali litaipa chifukwa cha nkhani za a Robert Sarver, eni ake akale, omwe ligi ya NBA inawaimitsa chaka chathunthu n'kuwalipitsa madola 10 miliyoni. Inu mutabwera munachotsa magemu pa TV yolipira n'kuwaika pa TV yaulere kuti aliyense ku Arizona aziwonera, munatsitsa mtengo wa zakudya zina mu bwalo kufika madola awiri, munamangira atsikana a Mercury malo awoawo ochitira training, munabweretsanso timu ya G League (ligi yaing'ono yokuzira osewera) ya Valley Suns. Palibe anganene kuti ndinu munthu woumira. Ndipo vuto lomwe ndalembera kalatayi likuchokera pomwepo, pa mmene dzanja lanu limafulumirira kutulutsa cheke pomwe pakufunika kudekha.

Tiyeni tiwerenge limodzi. May 2023 munachotsa a Monty Williams. May 2024 munachotsa a Frank Vogel. April 2025 mwachotsa a Mike Budenholzer. Makochi atatu m'masizoni atatu otsatizana, ndipo amene mukufuna panoyu akhala wachinayi m'zaka zinayi. Onse atatuwa si anthu wamba mu NBA, mmodzi anali Coach of the Year wa 2022, awiri enawo ali ndi mphete za chikho, a Vogel ndi Lakers mu 2020, a Budenholzer ndi Milwaukee Bucks mu 2021. Kodi n'zoona kuti anthu atatu onsewa anaiwala basketball atangofika ku Phoenix? Ine sindikukhulupirira, ndipo ndikudziwa kuti pansi pamtima nanunso simukukhulupirira.

Za a Monty zimandipwetekabe mpaka pano. Anaipeza timuyi mu 2019 itangowina magemu 19 okha n'kuluza 63, anthu atasiya kubwera ku bwalo. Chaka choyamba anawina magemu onse 8 mu bubble ya ku Orlando (pomwe matimu anatsekeredwa malo amodzi chifukwa cha COVID-19), chaka chachiwiri anatifikitsa ku Finals koyamba chichokereni 1993, tinatsogola 2-0 Bucks isanatibweze, chaka chachitatu anawina magemu 64 omwe Suns sinawinepo chiikhazikitsireni mu 1968. Inde panali manyazi a Game 7 ya Dallas pakhomo, 123-90, palibe sapota angaiwale, ndipo Game 6 ya Denver chaka chotsatira inathanso moipa, 125-100. Koma tiyeni tikumbuke mmene zinthu zinalili. Pasanathe sabata mutatenga timu munapanga dilu ya Kevin Durant, munapereka Mikal Bridges, Cam Johnson, Jae Crowder ndi ma pick anayi a first round (mwayi wosankha osewera atsopano pa draft), Durant anangosewera magemu 8 okha ma playoffs asanayambe chifukwa chovulala, Chris Paul anavulala mu Game 2 ya Denver, Deandre Ayton sanasewere Game 6, benchi inali itatha. Ndipo Denver imene ija inakatenga chikho, ndipo pa matimu anayi omwe inakumana nawo ndi Suns yokha yomwe inaichinya kawiri. Koma a Monty munawachotsa patangotha masiku awiri chiluzireni kwa Denver. Sanapatsidwe olo training camp imodzi ndi Durant.

Kenako a Vogel. Munawapatsa kontrakiti ya zaka zisanu, malinga ndi zomwe atolankhani analemba inali ya madola 31 miliyoni. Aliyense amadziwa kuti a Vogel ndi kochi wa difensi, amafuna ma center aatali otchinga pansi pa basket monga anali nawo ku Indiana ndi ku Lakers. Nanga munawapatsa chani? Chris Paul anapita mu dilu ya Bradley Beal, Ayton anapita ku Portland pamodzi ndi Toumani Camara, mnyamata yemwe lero akutchuka ndi difensi yomweyo yomwe ife tikuisowa. Timu inalowa mu sizoni yopanda point guard (woyendetsa mpira) weniweni, Devin Booker n'kumasenza mpira yekha kwinaku akuyembekezeka kugoletsa. Beal anasewera magemu 53 okha pa 82. Ndi zonsezo a Vogel anawina 49, kuluza 33, nambala 6 ku West. Minnesota inatisesa 4-0, zoona, ndipo ma quarter omaliza timu imangosungunuka sizoni yonse, koma timu yopanda woyendetsa mpira kusungunuka kumapeto kwa gemu n'zodabwitsa ngati? Inu nthawi imeneyo munauza atolankhani kuti pa ma general manager ena 29 a mu ligi, 26 angalole kusinthanitsa timu yawo yonse ndi yathu. Ndiye kuti kwa inu osewera analibe vuto, ofesi inalibe vuto, vuto linali munthu mmodzi yekha wokhala pa benchi.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri ndi mmene a Budenholzer anabwerera. A Vogel anachotsedwa pa 9 May 2024, pofika pa 11 May wina anali atalengezedwa kale. Masiku awiri. Mabwana, pamenepo panalibe kufufuza, panalibe ma interview a anthu osiyanasiyana, panalibe kukhala pansi n'kufunsana kuti kodi chalakwika n'chani kwenikweni. Dzina linali kale m'thumba. Ndipo ndikumvetsa chifukwa chake linakoma, munthu wa ku Holbrook, mwana wa Arizona yemweyo, yemwe anakula akusapota Suns, yemwenso anatilanda chikho mu 2021, nkhani yake inali yokoma kuimva. Kontrakiti zaka zisanu, madola opitilira 50 miliyoni. Tinayamba bwino, 8-1, tonse tinasangalala. Tinamaliza 36-46, nambala 11 ku West, olo play-in (magemu olimbirana malo omaliza a ma playoffs) sitinaione, difensi ili m'gulu la matimu otsikitsitsa mu ligi yonse, pomwe malipiro a osewera athu anali okwera kuposa timu ina iliyonse. Jusuf Nurkić anakhalitsidwa pa benchi mpaka ananena poyera kuti palibe ubale pakati pa iye ndi kochi, kenako anagulitsidwa ku Charlotte. Beal, wolandira madola 50 miliyoni pachaka, anayamba kuchokera pa benchi. Sindikunena kuti a Budenholzer analibe zolakwa zawo, timu inkaoneka kuti siikuwamvera ndipo pena inkaoneka ngati yasiya kulimbana, koma amene anawasankha m'masiku awiri osafunsa ngati kachitidwe kawo kakugwirizana ndi anyamata omwe alipo ndi ndani?

Tsopano ndalama. Mukaphatikiza makontrakiti awiri okhawa ndi madola opitilira 81 miliyoni olonjezedwa pa zaka khumi za ntchito, koma zaka zomwe zagwiridwa ndi ziwiri. Makontrakiti a makochi mu NBA nthawi zambiri amakhala otsimikizika, ukamuchotsa munthu umamulipirabe, nde tikagawa ndalamazo mofanana chaka ndi chaka zikutuluka pafupifupi madola 65 miliyoni za zaka zomwe palibe adzaimirire pa mzere kuphunzitsa Suns. Wina anena kuti ndi ndalama zanu, mungathe kuzitaya mmene mukufunira. Ayi, nkhaniyi siithera m'thumba mwanu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse bwino chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malamulo a ligi omwe anayamba mu 2023 anabweretsa second apron, mzere wa malipiro womwe sizoni ya 2024-25 unali pa madola 188.9 miliyoni, ndipo ife tinaudumpha patali, malipiro athu anapitilira 200 miliyoni. Timu ikadumpha mzere umenewo manja amamangika, siingaphatikize malipiro a osewera awiri kuti igule mmodzi, siingagwiritse ntchito mid-level exception (ndalama zapadera zomwe ligi imalola matimu kugwiritsa ntchito) kulemba osewera wabwinoko, siingatumize ndalama mu dilu, imangotola anthu a malipiro otsikitsitsa. Pamwamba pa izo Beal ali ndi no-trade clause, sizoni yathayi mu ligi yonse anali iye ndi LeBron James okha, kutanthauza kuti sangagulitsidwe popanda iye kuvomera, ndipo watsala ndi madola pafupifupi 110 miliyoni pa zaka ziwiri. Tonse tinaona mmene nkhani yofuna Jimmy Butler inakanikira pa chifukwa chomwechi mpaka iye anakathera ku Golden State. Ma pick athu ali m'manja mwa ena mpaka 2031, moti olo kuluza kwa chaka chino sikutipindulira kanthu, pick yake ili ndi Houston. Koma malipiro a kochi salowa mu salary cap, malire a malipiro a osewera. Palibe lamulo lokuletsani kulipira kochi 10 miliyoni pachaka, kumuchotsa, n'kulipiranso wina. Ndiye mwa zinthu zonse za timuyi, kochi ndi chinthu chokhacho chomwe ndalama zanu zingasinthe mawa m'mawa popanda wokufunsani, n'chifukwa chake chaka chilichonse nkhwangwa imagwera iye. Nyumba ikudontha denga koma ife tikungosintha mphasa, ndipo mphasa iliyonse yatsopano ikumakwera mtengo kuposa inzake.

Amene akupwetekeka ndi zimenezi si makochi akuluakuluwo, iwo amapita kwawo ndi cheke chawo. Head coach akachoka amagwa ndi anthu ambiri omwe maina awo sitiwamva pa TV, ma assistant, anyamata a video, ophunzitsa luso la osewera mmodzimmodzi. Ameneŵa salandira mamiliyoni, ambiri makontrakiti awo ndi aafupi, amasamutsa mabanja kubwera ku Phoenix, ana kuwalowetsa sukulu, chaka chisanathe akulongedzanso katundu. Ndipo anthu aluso akaona kuti pamalo sipakhazikika amadzichokera okha. A Kevin Young anali nafe kuyambira nthawi ya a Monty, amawadziwa anyamatawa bwino, mu 2024 anapita kukaphunzitsa ku yunivesite ya BYU. Nzeru zonse zomwe timu inasonkhanitsa kuyambira 2019 zamwazika.

Booker naye mumuganizire. Anabwera mu draft ya 2015, sanapemphepo kuchoka olo m'zaka zija timu imawina magemu 19 kapena 21, mu February 2025 anadutsa Walter Davis kukhala wogoletsa kwambiri m'mbiri ya Suns. Munthu ameneyu wadutsa m'manja mwa a Jeff Hornacek, a Earl Watson, a Jay Triano, a Igor Kokoškov, a Monty Williams, a Vogel ndi a Budenholzer. Akubwerayu akhala wachisanu ndi chitatu. Ali ndi zaka 28, zaka zomwe osewera amakhala pachimake, ndipo chaka chilichonse akuyambanso kuphunzira kaseweredwe katsopano, mayina atsopano a ma play, malo atsopano oima pa difensi. Nanga ana ngati Ryan Dunn ndi Oso Ighodaro omwe angomaliza kumene chaka chawo choyamba? Timu yopanda ma pick chiyembekezo chake chili pa kukuza ana omwe ili nawo, koma kochi yemwe akudziwa kuti akalephera chaka chimodzi wapita sangaike mwana mu gemu kuti aphunzire polakwitsa, amathamangira akuluakulu kuti apulumutse ntchito yake. Ndiponso osewera ndi anthu, amaona. Akadziwa kuti kochi aliyense pano amakhala miyezi khumi ndi iwiri, zikavuta mu January sangamumvere, amangodikira April.

Palinso anthu a mzinda wa Phoenix. Bwalo lomwe Suns imasewerera ndi la mzinda, ndipo mu 2019 khonsolo inavomereza kulikonzanso pa madola 230 miliyoni, mzinda unapereka 150 miliyoni, timu 80 miliyoni. Ndikudziwa kuti zimenezo zinachitika inu musanabwere, koma zikusonyeza kuti timuyi siyanu nokha, ndalama za anthu zilimo. Onjezerani amene amagula matikiti a sizoni yonse, ogulitsa zakudya ndi ogwira ntchito za ganyu pa bwalo omwe gemu iliyonse ya playoffs ndi tsiku lina la malipiro, mabala ndi malo odyera a m'tauni omwe amadzaza timu ikamachita bwino. Chaka chino April atafika onsewo anangokhala. Chaka chatha anaona magemu awiri okha a playoffs pakhomo.

Mwina munganene kuti ligi yonse ikuchita chimodzimodzi, Sacramento inachotsa a Mike Brown mu December 2024, Memphis a Taylor Jenkins mu March 2025, Denver a Michael Malone kutatsala magemu atatu kuti sizoni ithe. Zoona, koma taonani matimu omwe akukhazikika pamwamba. Oklahoma City inapatsa uhead coach a Mark Daigneault mu 2020, munthu wopanda dzina yemwe anaphunzitsapo timu yawo yomwe ya G League kenako n'kukhala assistant. Chaka choyamba 22-50, chachiwiri 24-58, ku Phoenix akanachotsedwa kawiri konse. Anawasunga, chachitatu 40-42, chachinayi 57-25, chachisanu 68-14. A Erik Spoelstra anayambira mu chipinda cha video ku Miami Heat mu 1995, anakhala head coach mu 2008, ndipo mu 2010 timu ya LeBron, Wade ndi Bosh itayamba 9-8 anthu akukuwa kuti achoke, a Pat Riley, mkulu wa timuyo, anaima nawo. Kontrakiti yawo ya zaka 8 ya madola 120 miliyoni inabwera mu 2024, atawina kale zikho ziwiri ndi timu yomweyo. Ndalama zambiri zinatsatira ntchito yooneka, sizinatsogole.

Ndipo ngati mukufuna umboni kuti cheke chachikulu sichiphunzitsa timu, yang'anani zomwe zinawachitikira a Monty omwewo atachoka kuno. Detroit inawapatsa madola 78.5 miliyoni pa zaka 6, nthawi imeneyo inali kontrakiti yaikulu kuposa ya kochi wina aliyense, zotsatira zake 14-68 ndi kuluza magemu 28 otsatizana, chaka chimodzi basi anachotsedwa kutatsala pafupifupi 65 miliyoni. Kochi wabwino, malo olakwika, nthawi yolakwika. Detroit itasintha ofesi, n'kubweretsa akuluakulu odziwa kuponya kuti athandize Cade Cunningham, n'kulemba a J.B. Bickerstaff, inawina magemu 44 n'kulowa ma playoffs. Sanasinthe kochi yekha, anayambira kumwamba.

Apa ndiyenera kunena chinthu chomwe masapota ambiri akunong'onezana, ndipo a Gregory mundikhululukire chifukwa sindikukayikira umunthu wanu. Tonse tikudziwa kuti a Ishbia munasewera ku yunivesite ya Michigan State pansi pa kochi Tom Izzo, munali mu timu yomwe inatenga chikho cha makoleji mu 2000, ndipo a Gregory anali assistant nthawi imeneyo. A Gregory aphunzitsapo matimu a makoleji ku Dayton, Georgia Tech ndi South Florida, mpira amaudziwa, koma kuyendetsa ofesi ya timu ya NBA ndi koyamba. Kukhulupirira anthu omwe unakula nawo si tchimo. Mantha athu ndi oti mozungulira inu mudzaze anthu okhaokha omwe sangakuuzeni kuti bwana apa ayi. Mu April munaima pamaso pa atolankhani n'kuvomera kuti sizoniyi inali yochititsa manyazi, tinayamikira, koma kuvomera kumeneko tikuonera pa kusankha komwe kukubweraku.

Nde zopempha zathu ndi izi.

1. Musanayitane munthu aliyense ku interview, gwirizanani kaye kuti timuyi ikupita kuti. Durant akwanitsa zaka 37 mu September ndipo watsala ndi chaka chimodzi pa kontrakiti, dzina lake linamveka kale pa msika mu February. Akhala kapena apita? Za Beal mupanga bwanji? Kochi woti awine chikho chaka chamawa ndi akuluakulu atatu ndi wina, kochi woti amange timu yatsopano mozungulira Booker ndi ana ndi winanso. Simungasankhe munthu musanadziwe ntchito yomwe mukumulembera, ndipo amene mukumufunsayo muuzeni chilungamo chonse, za apron, za ma pick, za no-trade clause, asadzadzidzimuke ali kale mkati.

2. Fufuzani modekha ndipo mufunse anthu ambiri. Zamasiku awiri zija zisabwerezedwe. Muyitane ma assistant omwe sanakhalepo head coach, makochi a G League, anthu omwe akuza ana m'matimu ena, osangoti amene ali ndi mphete. Mayina akuluakulu mwayesa kawiri. Ndipo amene apambane apambane chifukwa cha zomwe waonetsa pa bolodi ndi mmene amalankhulira ndi osewera, sukulu yomwe anadutsa isakhale chiphaso. Akakhala kuti ndi wa ku Michigan State ndipo ndi amene waposa onse, chabwino, koma mudzatifotokozere poyera kuti waposa ena pa chani.

3. Pa malipiro, siyani makontrakiti a zaka zisanu omwe inu eni simukonzeka kuwasunga. Mpatseni munthu zaka zitatu zotsimikizika pa mtengo woyenera, chaka chachinayi chikhale chosankha timu, mabonasi abwere difensi ikakwera, ana akakula, timu ikalowa ma playoffs. Akagwira ntchito mudzamuwonjezere mokondwa, palibe sapota adzadandaule. Koma zaka zitatuzo zikhale zenizeni, mulonjeze pamaso pa anthu tsiku lomulandira kuti pokhapokha atachita zosayenera, sachotsedwa chifukwa cha sizoni imodzi yovuta. Osewera akamva lonjezo limenelo kuchokera pakamwa panu, locker room isintha tsiku lomwelo.

4. Kochi asankhe yekha omuthandiza. Ndipo ndalama zomwe mupulumutse posagula dzina zipite kwa anthu a pansiwa, makontrakiti a zaka zingapo kwa ma assistant ndi a video, anthu okwanira okuza osewera, ma scout, achipatala. Kumeneko kulibe apron, mungathe kuposa timu iliyonse mu ligi ngati mukufuna.

5. Mutiuze amene ali ndi mawu omaliza pa nkhani za osewera. Ngati ndi a Gregory, apatseni mpata agwire ntchito ndipo zikalephereka adzayankhe iwo. Ngati ndi inu a Ishbia, nenani, kuti tidziwe kolozera mafunso. Zomwe sitikufunanso ndi zoti madilu apangidwe m'chipinda cham'mwamba, kochi angolandira anthu omwe sanawapemphe, kenako April akafika iye yekha ndi amene aperekedwe nsembe. Kochi watsopanoyo akhale nawo pa tebulo pokambirana za draft ya June ndi msika wa July.

6. Booker mumufunse maganizo, wakhala pano zaka khumi ndipo akuyenera ulemu umenewo, koma musamusenzetse udindo wosankha. Zikadzavuta anthu asadzaloze iye chala.

7. Ngongole ya makochi ochotsedwa isagwere masapota. Mitengo ya matikiti isakwere pofuna kubweza ndalama zomwe zapita kwa anthu omwe sakugwiranso ntchito, magemu apitilire kuoneka pa TV yaulere, zakudya za madola awiri zija zikhalepo. Anthu omwe akhala ndi timuyi kuyambira nthawi ya Alvan Adams mu 1976, ya Charles Barkley mu 1993, ya Steve Nash ndi a Mike D'Antoni, sanaonepo chikho olo kamodzi koma akubwerabe, ndipo ambiri a ife tili okonzeka kupirira zaka ziwiri zitatu zovuta bola tikuona ana akukula ndi timu yolimbana mpaka belu lomaliza. Chomwe tatopa nacho ndi kuuzidwa October aliyense kuti chaka chake ndi chino, kenako April kumva kuti tiyambiranso.

Tikupempha kuti tsiku lomwe mudzamuonetse kochi watsopanoyo, inu a Ishbia mudzakhale pomwepo, mudzayankhe mafunso a atolankhani pa mfundo zimenezi, makamaka yachitatu ndi yachisanu.

Ndatha ine wanu mwaulemu,
Sapota wa Phoenix Suns